Kukatenga Gao pa Msewu wa ku Hofuf

Ulendo uwu sindinaufune. Anachita kundiitana bwana wa kampani imene ndimayendetsako galimoto ku Doha, kampani ya Matchaina yokumba ngalande ndi kuyala mapaipi. Ndinalowa mu ofesi Lachiwiri masana, iye nati bambo ake a Gao afika kuchokera ku China ndipo akufuna kukafika pamalo pamene mwana wawo anafera. "Iwe Lameki unalipo. Ukupakumbuka?" Ndinayankha msangamsanga kuti ndikupakumbuka bwino lomwe. Pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndi matenda anga akale.

Gao anali makaniko wathu, munthu wa msinkhu wanga womwewu. Chaka chatha mwezi wa Meyi anatituma awiri ku Dammam, m'dziko la Saudi Arabia, kukatenga zitsulo za makina okumbira. Pobwerera, pakati pa tauni ya Hofuf ndi boda ya Salwa, tayala lakutsogolo linaphulika. Woyendetsa ndinali ine. Pikapu inagubuduzika n'kuboola mpanda wa waya wotchinga ngamila, ine ndinathyoka phewa, Gao anatsirizikira pamchenga pomwepo. Apolisi anafufuza nati ndilibe mlandu. Thupi linapita kwawo pandege, anakaika. Koma mayi ake akuti chiikireni malirowo sapeza tulo. Amati m'bokosi muja munabwera thupi lokha, mwana wawo mwiniwakeyo akadali m'chipululu, sadziwa njira yobwerera. Ndiye bamboyo anakwera ndege koyamba m'moyo wawo kudzamutenga. Anali ndi tsiku limodzi lokha, Lachinayi, chifukwa Lachisanu m'mawa amayenera kunyamuka kuti akafike lisanakwane tsiku limene kwawoko amasesa kumanda.

Zimenezi sizinandidabwitse. Kwathu ku Tsangano, ku Ntcheu, munthu akafera kutali akuluakulu amamulankhula m'galimoto njira yonse kuti asatsalire. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti pepala la apolisi linangotchula dzina la msewu, foni yanga yakale inaphwanyikira pangozi pomwepo, ndipo padziko lonse lapansi wodziwa malowo ndinali ine ndekha. Komabe ndinkadzilimbitsa mtima kuti chizindikiro ndili nacho. Ndili chigonere pansi tsiku lija ndinaona mulu waukulu wa mchenga wa nyanga ziwiri pafupi ndi msewu, ndipo ndinausunga m'mutu monga timasungira chulu kapena mwala kwathu tikafuna kudzapezanso malo.

Chichitikireni ngoziyo sindinayendetsenso pamsewu wautali, choncho anatipatsa Che Sumani kuti agwire chiwongolero. Che Sumani ndi mkulu wa ku Ntaja, ku Machinga, timagona chipinda chimodzi kukampu, ndipo amanditchula ndi mfunda wanga, Phiri. Ali ku Doha chaka cha khumi ndi chimodzi, Chiarabu amachilankhula ngati anayamwira komweko, ndipo salumpha swala, pemphero la Chisilamu, ngakhale bwana atakhala pakhomo. Nditawafotokozera za ulendowo anapukusa mutu.

"Kudiraiva ndidiraiva, mafi mushkila, palibe vuto," anatero. "Koma za mizimuzo musandiikemo, aPhiri. Chipembedzo changa sichilola. Munthu akafa wapita kwa Mwini wake, khalasi, zatha. Ine yanga ndi steering basi."

Tinanyamuka Lachinayi kukungocha, Che Sumani atangomaliza swala ya m'bandakucha. Bambo a Gao aja tinakawatenga pakahotela kena ku Al Aziziya. Tinawapeza ataima kale panja, kamunthu kochepa thupi, nkhope yopsa ndi dzuwa monga alimi a kulikonse, chikwama chakuda chili pachifuwa. Ndinali nditakonza mawu opepesa usiku wonse, koma atandiyang'ana anathawa onse. Iwo anagwira dzanja langa ndi manja awiri, kenaka anakhudza phewa langa lothyoka lija, kusonyeza kuti anali atauzidwa kuti ndine yani. Anatulutsa foni, nalankhulamo Chitchaina, iyo n'kulemba Chingerezi. Umu ndi mmene tinachezera tsiku lonse, iwo kulankhula m'foni, ine kuwerenga, ine kulankhula, iwo kuwerenga. Mawu oyamba anali akuti, "Ndinu amene munali naye. Zikomo kuti mwabwera." Ndikanakonda akanandituka.

Za msewu wochoka ku Doha kukafika ku Abu Samra ndilibe zambiri. Ndi wosalala, wotakata, ndipo m'mbali mulibe choti munthu n'kuyang'ana kawiri. Ine maso anali pa liwiro lokha. Singano ikangodutsa handiredi ndinkakhosomola, Che Sumani n'kuchepetsa moto akung'ung'udza kuti anyamula apongozi. Pa boda ya Qatar sitinachedwe. Anadinda mapasipoti, anayang'ana mapepala a galimoto, tinadutsa nthawi isanakwane eyiti.

Kuchedwa kunatipeza mbali ya Saudi, pa Salwa. Tinayamba ndi mzere wodinda zala ndi kujambulitsa nkhope, kenaka mzere wa inshuwalansi ya galimoto, kenaka malo ofufuzira katundu. Msilikali wachinyamata anatsegula chikwama cha bambo aja. Munali jekete yabuluu ya kuntchito, yopindidwa bwino m'pepala la pulasitiki. Ndinaizindikira nthawi yomweyo ndi banga la oyilo pathumba. Inali ya Gao, kampani inaitumiza kwawo pamodzi ndi katundu wake wina. Pansi pa jekete panali botolo la pulasitiki lodzaza madzi ofiirira ngati thobwa. Msilikali uja analikweza, kulikhutchumula, kulinunkhiza. Dziko limenelo mowa sulowa, ndiye botolo lililonse losadziwika limayenera kukapimidwa. Anatiuza mwaulemu kuti tiimike galimoto pambali tidikire.

Tinadikira maola atatu pabenchi yachitsulo. Ine kudikira ndimadana nako, kumandipatsa mpata woganiza. Pafupi nafe panali banja la ku Sudan limene linamanga filiji ndi matiresi padenga la galimoto, ndipo anawauza kuti atsitse zonse. Bambo wa banjalo ankamasula zingwe akulankhula yekha, mkazi wake atakhala pamthunzi osamuyang'ana n'komwe. Kenaka panadutsa Mwarabu wina wovala zoyera, mphamba yosakira itatera padzanja lake, yovekedwa kachipewa kachikopa. Anaonetsa mapepala awiri, lake ndi la mbalameyo, n'kudutsa.

"Mwaona aPhiri?" anatero Che Sumani. "Mbalame ili ndi passport yake, ndipo siima pa queue. Ife tinalakwa kubadwa opanda nthenga."

Ndinafunsa bambo aja kuti m'botolomo muli chiyani. Anandikodola kuti ndiwatsate kugalimoto, ndipo ndi chala anayamba kujambula pafumbi la pa boneti. Anati ndi madzi a mtsinje wa kwawo, wotchedwa Wuding, ndipo dzinalo limatanthauza wosakhazikika. Umayambira m'mapiri otchedwa Baiyu, m'chigawo cha Shaanxi. M'malo molunjika kumene ukupita, umayamba wathawira kumpoto n'kulowa m'dziko la mchenga, kenaka n'kukhotera kum'mawa, kenakanso kumwera. Chala chawo chinajambula chinthu chopindika ngati chikwakwa. Anaika kadontho pa Mizhi, kena pa Suide pamene pali mudzi wawo, ndipo kumapeto anakoka mzere wonenepa, nati umenewo ndi Huang He, Mtsinje Wachikasu, kumene Wuding umakathira.

Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani anaupatsa dzina lonyoza chotero. Anayankha motalika mpaka foni inkachita kudukiza. Anati mtsinjewo umasenza mchenga wambiri potuluka m'chipululu muja, moti umakwirira njira yake yomwe, kenaka n'kuyamba kufuna njira ina. Pamene unawoloka madzi akulekeza m'mawondo chaka chatha, chaka chino ungamirepo. Munda umene unali tsidya lino ukhoza kudzuka uli tsidya lina. Lero madzi oyera, mawa matope. Anati masiku ano anthu anabzala mitengo ndi kumanga madamu ndiye unafatsako, koma dzina silinachoke. Mwana wawo anakulira m'madzi amenewo, ndipo abweretsa botololi kuti akamva fungo la kwawo atsatire.

Kenaka analoza kunja kwa mpanda wa boda, kumene chipululu chimayambira. "Kumpoto kwa kwathu kulinso mchenga ngati uwu," foni inalemba. "Milu imeneyi imayenda. Mphepo imaichotsa kumbuyo n'kuiunjika kutsogolo. Ing'onoing'ono ndiye imathamanga. Wina unakwirira khola la m'bale wanga."

Ndinawerenga mawu amenewo kawiri. Kwathu mwala umene ndinkakhalapo poweta mbuzi ulipobe mpaka lero, ndipo sizinandibwererepo m'mutu kuti chinthu chachikulu ngati phiri chingasamuke. Apa ndiye panali poyenera kuulula. Sindinaulule. Ndinangogwedeza mutu ngati mwana wasukulu amene wamva phunziro.

Titabwerera pabenchi bambo aja anandiphunzitsa ntchito yanga. Anati kwawo poitana munthu wotayika pamafunika anthu awiri. Wina amatsogola ndi chovala chake akuitana dzina, wina amatsatira m'mbuyo akuyankha m'malo mwa woitanidwayo kuti wabwera. Popanda woyankha, ndiye kuti munthuyo sanamve. Ndipo pobwerera, pa mlatho uliwonse, pa mphambano iliyonse ndi pa chipata chilichonse amaitananso, wina n'kuyankha, kuopa kuti angatsalire tsidya. Woyankha amayenera kukhala munthu amene malemuyo ankadziwa mawu ake. "Kuno ankadziwa mawu anu," anatero. Anandiuzanso kuti sadzaitana kuti Gao, limenelo ndi dzina la banja. Kunyumba ankamutcha Shitou, kutanthauza mwala. Iwo akati "Shitou, hui lai," kutanthauza bwerera, ine ndiziti "Hui lai le," ndiko kuti ndabwera. Tinayeserera kangapo chapansipansi. Che Sumani anadzuka n'kukaima patali.

Botolo linabwera nthawi itadutsa leveni. Linali litakhala patebulo osagwedezeka, ndiye linali litadikha. Pamwamba madzi oyera mbee, pansi mchenga wachikasu wokwana zala zitatu. Che Sumani anamufotokozera msilikali uja m'Chiarabu za ulendo wathu. Iye anaika dzanja pachifuwa, nalipereka botololo ndi manja awiri.

Titangotuluka m'tauni ya Salwa mphepo inayamba. Siinali yoopsa, koma inkakoka mchenga kudutsa pamsewu ngati utsi, ndipo dzuwa linasanduka loyera. Patapita ola limodzi galimoto inayamba kulemera, choziziritsa mpweya n'kuyamba kutulutsa mpweya wofunda. Tinakhotera pa malo omwetsera mafuta, koma tinapeza atseka chifukwa inali nthawi ya swala ya masana. Che Sumani anapita kukaswali. Ine ndinazungulira galimoto katatu ndikumenya matayala ndi chibakera, kuyang'ana mng'alu uliwonse. Bambo aja ankangondiyang'ana. Kenaka anatulutsa kathumba ka zipatso zouma zofiira za kwawo, nandipatsa zodzaza dzanja. Zinali zotsekemera.

Che Sumani atabwera anatsegula boneti, nachotsa sefa ya mpweya ya injini, n'kuimenyetsa patayala. Munatuluka fumbi lokwana kudzaza mbale. Titamwetsa mafuta anandikokera kuseri kwa galimoto.

"AchiPhiri, nkhope yanuyi sikundisangalatsa. Location mukuidziwa, kapena tikungowotcha diesel wa kampani?"

"Ndikuidziwa."

"Wallahi? Mukulumbira?"

"Ndati ndikuidziwa, Che Sumani. Tiyeni."

Msewu umenewo ndi wa mbali ziwiri zolekanitsidwa pakati, ndipo ngozi inachitikira mbali yobwerera. Choncho tinayenera kupitirira mpaka kufupi ndi Hofuf, kumene mitengo ya kanjedza imayambira, n'kutembenuka. Nthawi inali itadutsa thuu koloko. Ndinawauza Che Sumani kuti ayende pang'onopang'ono m'mphepete, ine maso ali kunja. Apo ndi pamene ndinaona kupusa kwanga konse. Milu ya mchenga inali mbali zonse, yaikulu ndi yaing'ono, ndipo uliwonse unali ndi nyanga ziwiri. Ndi mmene mphepo imaiumbira. Ina inali itafika mpaka paphula, ndipo katapila wachikasu ankaikankhira kumbali, kuisalaza kuti pasatsale ndi chizindikiro chomwe.

"Pano?" anafunsa Che Sumani.

"Patsogolo pang'ono."

Tinayenda. Anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Kumpando wakumbuyo ndinkamva pepala la pulasitiki likukhwekhwereza, bambo aja atatulutsa kale jekete n'kuiika pamiyendo. Ndinayamba kudziuza kuti mchenga ndi mchenga. Ndani angadziwe? Munthu wachoka kutali, mkazi wake akudikira, ndege ndi ya mawa. Ndikaloza paliponse apita kwawo mtima uli m'malo, ine ndibwerera kuntchito. Kachitatu Che Sumani asanafunse, ndinaloza mulu wina umene unali pafupi ndi mpanda. "Apa."

Che Sumani anaimitsa, nayatsa mahazadi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Tinatsika awiri. Bambo aja anatambasula jekete, naigwira m'mapewa ngati akufuna kumuveka munthu. Anatsegula botolo n'kuliimika pamchenga. Anandilozera kuti ndiime kumbuyo kwawo. Kenaka anakweza mawu, ndipo sindinkayembekeza kuti m'kathupi kameneko mungatuluke mawu otero.

"Shitou! Hui lai!"

Anadikira. Mawu anga ndinkawadziwa, atatu okha, ndinali nditawayeserera pabenchi. Koma kuwanena kunali kuuza bambo kuti mwana wake wamva ndipo wabwera, pamalo pamene ndinangosankha chifukwa cha mantha. Pakamwa panga pamene pamathamanga paja panakana kutseguka. Anaitananso kachiwiri. Kachitatu anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinatenga foni m'thumba la malaya awo n'kulankhulamo kuti, "Si pano. Malowo sindikuwadziwa. Ndakunamizani."

Anawerenga. Anawerama n'kutseka botolo bwinobwino, ndipo atadzuka anandilalatira m'Chitchaina nthawi yaitali, osagwiritsa foni. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe koma ndinamva zonse. Malovu awo ankandigwera kumaso, ine osapukuta. Atatopa anapuma mwabefu, kenaka analankhula m'foni. "Mukanayankha, ndikanapita kwa mayi ake ndi jekete yopanda munthu, ndipo sitikanadziwa mpaka kufa." Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Anandifunsa kuti chizindikiro changa chinali chiyani. Nditatchula mulu wa mchenga anaseka kuseka koipa, kopanda chimwemwe. Ndiye anafunsa kuti, "Munagunda chiyani chimene sichiyenda?" Ndinati mpanda wa waya. Anayenda kukafika pampandapo, naugwira. Waya wake unali wakuda ndi dzimbiri. Anati mpanda ukabooka amaukonza ndi waya watsopano, ndipo watsopano amaoneka. Osadikira yankho langa, anakoleka jekete pamkono n'kuyamba kuyenda motsata mpandawo kulowera ku Salwa.

Ndinawatsatira. Che Sumani ankabwera m'mbuyo mwathu ndi galimoto, pang'onopang'ono, malole akuwaimbira mahutala podutsa. Mchenga unkalowa m'nsapato, m'makutu, m'mano. Patapita mphindi makumi awiri tinapeza chigamba choyamba, waya wonyezimira pakati pa mapolo anayi atsopano. Ndinayesa kuti tafika. Koma pansi panali zidutswa za galimoto yofiira, ndipo yathu inali yoyera. Bambo aja anaitanabe. Anandichenjeza kudzera m'foni kuti ndisayankhe pokhapokha nditadziwa. Sindinayankhe.

Chigamba chachiwiri chinali pafupi. Chachitatu chinali patali, ndipo pamenepo panali nsapato imodzi yachikazi itakodwa kunsi kwa waya. Sindinkadziwa kuti msewu umenewu unadya anthu ochuluka chotero. Ine ndinkayesa kuti tsoka lathu linali lokhalo. Pachigamba chilichonse bambo aja ankatambasula jekete, kutsegula botolo, kuitana katatu molimbana ndi mphepo, kenaka kutseka botolo n'kupitirira. Pofika pachachisanu mawu awo anali atasasa, akutuluka ngati akung'amba nsalu. Ndinawapatsa madzi akumwa, anangonyowetsa milomo.

Che Sumani anatsitsa galasi. "AchiPhiri, time yatha. Patrol ikatipeza tikuyenda pansi pa highway tikagona ku station, ndipo mdalayu flight imusiya. Komanso muoneni mmene akuyendera, agwa ameneyu. Yalla, fulumirani, muuzeni tibwerere."

Ndinawauza. Anawerenga, nabweza foni m'thumba, n'kupitiriza kuyenda.

Dzuwa linali litapendeka kwambiri pamene tinafika pachigamba chachisanu ndi chimodzi. Panalibe chidutswa chilichonse, mchenga unali utakwirira zonse mpaka theka la mapolo. Mulu wa nyanga ziwiri panalibe, panali posalala. Ndinali pafupi kupukusa mutu pamene ndinamva kulira kwa mawaya. Pamalo amenewo mawaya akuluakulu a magetsi amadutsa pamwamba pa msewu, ndipo mphepo ikamawomba amalira mosalekeza ngati njuchi zili mumphika. Ndinangopezeka ndakhala pansi. Kulira kumeneko ndinakumva tsiku lija kwa nthawi yonse imene tinkadikira thandizo, ndipo ndinali nditakuiwala dala. Sindingalumbire pamaso pa woweruza kuti panali pomwepo. Koma thupi langa linadziwa ine ndisanaganize.

Bambo aja anandiona, ndipo sanafunse ngati ndi pano. Ananjuta pafupi nane, nanong'oneza m'foni. "Ananena chiyani?"

Kalata imene inapita kwawo inati anafa nthawi yomweyo, osamva ululu. Ndikanatha kubwereza zomwezo. Koma ndinali nditanama kale kamodzi tsiku limenelo, ndipo mphamvu zonamanso ndinalibe. Ndinawauza kuti anakhala ndi moyo pafupifupi ola lathunthu. Ndinakwawa n'kuika mutu wake pamwendo panga. Sanatchule munthu aliyense. Ankangopempha madzi, akunditchula dzina, ndipo chigubu chathu chinali chitaphulika pangoziyo, madzi onse atamwedwa ndi mchenga. Ndinalibe ngakhale dontho loti ndimupatse.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Sanalire. Anatenga botolo lija, limene anadutsa nalo maiko ndi maboda kuti mwana wawo angomva fungo lake, nalikhutchumula kuti mchenga usakanikirane ndi madzi, n'kuyamba kuthira pansi pang'onopang'ono monga umamwetsera wodwala. Anathira onse. Matope otsalira anawakokota ndi chala n'kuwapaka pomwepo. Kenaka anaimirira, natambasula jekete.

"Shitou! Hui lai!"

Mawuwo anali ong'ambika, koma anamveka. Ine ndili kumbuyo kwawo, misozi ndi mchenga zili m'kamwa, ndinayankha. "Hui lai le."

Jekete anaikhazika pampando wakumbuyo pafupi ndi iwo, naimanga lamba. Che Sumani anaona zimenezo pagalasi, nayang'ana kumbali. Tinanyamuka. Dziko limenelo lilibe mtsinje ndi umodzi womwe, koma bambo aja sanafune kuphonya kanthu. Pa kamlatho kalikonse kodutsira ngamila, pa mphambano iliyonse, ankaitana, ine n'kuyankha. Ulendo uliwonse mawu awo ankacheperachepera. Polowa m'tauni ya Salwa ndinkachita kutembenuka kuyang'ana milomo yawo kuti ndidziwe nthawi yoyankha.

Pa boda sanatichedwetse. Anadinda mapasipoti atatu, ndipo dzuwa likulowa tinafika pachipata chomaliza, pamene mtengo wachitsulo umakwezedwa kuti utuluke m'dziko la Saudi. Chipata chimenechi ndicho chinali chachikulu pa zonse. Bambo aja anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mpweya. Anayesanso, akudzimenya pachifuwa. Palibe. Mtengo uja unayamba kukwera. Anagwira dzanja la jekete mwamphamvu ngati munthu amene akuona mwana akutsetsereka m'madzi, ndipo ndi dzanja linalo anandigwedeza phewa lothyoka lija, akuloza pakamwa panga.

Chitchaina chonse chinandithawa. Ndinatsitsa galasi n'kuitana m'chinenero chimene Gao ankandimva ndikuimba tikamayenda.

"Shitou! Tiye kwanu! Tikuwoloka boda, usatsale!"

Woitana anali atapezeka, koma woyankha panalibe, pakuti munthu sadziyankha yekha. Bambo aja anayesa, milomo ikugwedezeka popanda liwu. Galimoto za m'mbuyo zinayamba kuliza mahutala. Msilikali wa pachipata anatikodola kuti tidutse. Galimoto yathu siinasunthe, phazi la Che Sumani linali pa buleki. Ndinaitananso.

"Shitou! Tiye kwanu!"

Che Sumani sanatembenuke. Manja onse awiri anali pachiwongolero, maso ali kutsogolo.

"Ndabwera," anatero.

Bambo aja sankadziwa Chichewa, koma anamva kuti wina wayankha. Anatulutsa mpweya wautali, nasanjika dzanja pachifuwa cha jekete ija. Che Sumani ananong'ona mawu opempha chikhululuko kwa Mulungu wawo, nalowetsa giya, ndipo tinadutsa tonse anayi.